Dzina la Zuleha pa Mchenga Wofiira

Lachisanu limenelo, anthu atangotuluka mu mzikiti, galimoto ya Nasiru inaima pakhomo pa a Uledi ku Namitete. Zuleha anaizindikira ndi hutala. Nasiru sankafika pakhomo pa munthu osaliza hutala katatu, kuti ndi oyandikana nawo omwe adziwe kuti kwabwera mwini galimoto.

"Tulutsa makapu a alendo aja," anatero azakhali ake, a Hajra, amene anafika m'mamawa kudzalambulira mlendoyo njira. "Ndipo umwetulireko. Nkhope wamangayo ingawawitse tiyi."

Zuleha anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mwana woyamba wa a Uledi, eni golosale yayikulu ya pamsika. Chimwalirireni mayi ake, azakhaliwo anadzipatsa okha ntchito yomupezera mwamuna, ndipo kwa iwo anali atapezeka kale: Nasiru, wogulitsa ndi kukonza mafoni ku Msundwe, Msilamu mnzawo, mwana wa banja lodziwika.

Atalowa ndi tiyi, anapeza Nasiru atadzaza sofa yonse. Ankatenga samusa, kuviika mu tiyi, n'kuponya m'kamwa uku akuyankhula. Tizidutswa ta nyama tinkakodwa m'ndevu zake. Atakhuta, anapukutira zala zake za mafuta pa kansalu koyera ka pasofa, kamene malemu mayi a Zuleha analuka ndi manja awo. Zuleha anayang'ana kumbali.

"Ababa, sindinabwere chimanjamanja," anatero Nasiru. Anali atayamba kale kuwatchula a Uledi kuti ababa, ngati zonse zinatheka.

Anang'amba nyuzipepala imene anakulungira mphatsoyo. Chinali chithunzi chachikulu cha m'galasi: phiri la mchenga wofiira ngati njerwa yootcha, mbali ina kukuwala, mbali ina kuli mthunzi, ndipo pamsonga pake paima nyama imodzi yonga mphalapala, nyanga zake zazitali, zowongoka ngati mikondo iwiri.

"Ndinajambula ndekha ku Dubai ulendo wathawu, nditapita kokatenga katundu," anatero. "Nyama imeneyi ndinaiyandikira ngati pano ndi pachitseko apo. Inangoima njoo, kundiopa."

Tiyi anatayikira pa thireyi m'manja mwa Zuleha.

Chithunzicho ankachidziwa kuposa nkhope yake yomwe. Sichinali cha ku Dubai. Chinajambulidwa m'chipululu cha ku Namibia, ndipo wojambula wake anali Cornelius, mnyamata wa ku Nambuma, Mkatolika, amene Zuleha anakhala naye pachibwenzi mobisa kwa zaka ziwiri. Poyamba Cornelius ankangojambula maukwati ndi maubatizo, kenako anapeza mwayi wa miyezi isanu ndi itatu ku kampani yoyendetsa alendo okajambula mchenga ndi nyama za kumeneko. Anamuuza pa foni kuti nyamayo anaidikira m'mawa utatu atagona chafufumimba, mchenga ukumulowa m'mano, milomo itang'aluka. Tsiku lachitatu inatulukira, n'kuima mphindi zosakwana zisanu. Chakumunsi kwa chithunzicho, pamchenga wa pafupi ndi kamera, Cornelius analemba ndi kamtengo kuti ZULEHA.

Pa chithunzi cha Nasiru, kumunsiko kunali kodula.

"Mashaala," anatero a Uledi, akupukuta magalasi awo. "Taonani ntchito ya Mlengi. Zuleha, kanditengere nyundo ndi msomali."

Anachikhoma pakhoma la pabalaza, poyang'anana ndi khomo, kuti aliyense wolowa ayambe kuona chimenecho.

*

Nthawi yotsazika itakwana, azakhali anamugunda Zuleha ndi chigongono kuti aperekeze mlendo. Anayenda mpaka pa galimoto.

"A Nasiru," anatero Zuleha motsitsa mawu, "kodi ku Dubai kuli nyama imene ija?"

Nasiru anaseka uku akutokosa m'mano ndi kiyi wa galimoto.

"Bwanji sunandifunse m'nyumba muja, ababa akumva?"

Anatsamira galimoto n'kupitiriza.

"Ndikuyankhire ndine. Ukanati ndanama, akanakufunsa kuti wadziwa bwanji. Ndiye ukanayamba kufotokoza za Mkatolika wako wa ku Nambuma."

"Mwazitenga kuti zimenezo?"

"Foni yako itasweka galasi mwezi wa Meyi, azakhali ako anaibweretsa kwa ine. Inagona pa shopu masiku awiri. Ine foni ndikamakonza, ndimakonza yonse."

"Munawerenga mauthenga anga?"

"Onse. Ndi aja unkajambula mawu ukumuimbira. Uli ndi mawu abwino, eti." Anayamba kung'ung'udza kanyimbo komweko, kamene Zuleha anaimbira Cornelius yekha tsiku lake lobadwa.

Zuleha anamva ngati munthu wamugwira ndi manja ochokera m'ngalande. Anafuna kuthamangira kubafa, akadzikhule ndi mwala mpaka khungu lisupuke.

"Koma usandiyese wakuba zako," anapitiriza Nasiru. "Chimene chakhomedwa pakhomacho sindinachitenge kwa iwe. Ndinachitenga kwa mwini wake winayo."

Anatulutsa foni, n'kumuonetsa zithunzi ziwiri zogundizana. Phiri lomwelo. Nyama yomweyo. Choyamba chinali ndi dzina la Zuleha. Chachiwiri, pamalo omwewo, ndi kalembedwe komweko kopendekera kumanja, panalembedwa kuti VANESSA.

"Ndi wa saluni ya pafupi ndi shopu yanga. Nayenso foni yake imavutavuta. Kumunsiko ndadula pokusungira ulemu, kuopa kuti dzina la mkazi wina lingalendewere m'nyumba mwa ababa." Analavulira pansi kanyama kamene anatokosa. "Ndakutumizira zonse ziwiri. Ine zoipa zanga ndili nazo, koma mayina awiri sindilemba."

Analiza hutala katatu, n'kumapita.

*

Loweruka m'mawa Zuleha anauza bambo ake kuti akukaona nsalu ku Msundwe. Saluniyo sinavute kupeza. Atangolowa anakumana ndi fungo la tsitsi lopsa ndi mankhwala owongolera, ndipo pagalasi lalikulu, pakati pa zithunzi za masitayelo, panamatidwa phiri la mchenga lija, ntchentche zitaliikira timadontho.

"Takulandirani, asisi. Tichape kapena tiluke?" anafunsa mtsikana wamtali, wa kolona m'khosi, amene ankaluka mayi wina.

"Ndangofuna kufunsa za chithunzi icho."

Mtsikanayo anasiya kuluka. Anayang'ana mpango wa kumutu kwa Zuleha, kutsika mpaka kumapazi, n'kukweranso.

"Ndinu a Zuleha, eti? Ine ndine Vanessa. Ndinkayesa ndinu okongola kuposa apa."

Amayi awiri amene ankadikira pabenchi anasendera kutsogolo.

"Mwandidziwa bwanji?"

"A Benedeta, mayi ake a Cornelius, anandiuza. Amati mwana wawo anatola kachimfine ku Namitete, koma kadzatha kokha." Vanessa anabwerera pamutu wa mayi uja, zala zikuthamanga. "Ine ndi Cornelius tinakulira mu kwaya imodzi. Khasu langa lili kale ku Nambuma. Soya wa chaka chino ndakolola nawo ndine, iye ali ku mchenga kwakeko."

"Anakufunsirani?"

"Sindinafulumire. Mtengwa amasankhidwa ndi mudzi, asisi. Inuyo mukalowa m'tchalitchi? Pa Khirisimasi akapha nkhumba, mukatsuka matumbo ndinu?"

Amayi a pabenchi aja anaseka. Mmodzi mpaka anawomba m'manja. Zuleha anatembenuka. Anatuluka osatsazika, ndipo mu minibasi yobwerera anakhala pawindo, mphuno ili kunja, kufuna kuti mphepo imuchotsere fungo la malo aja.

*

Cornelius anali atabwerako ku Namibia sabata imodzi yapitayo, koma anali asanaonane, chifukwa azakhali ankamulondera Zuleha ngati mkaka uli pamoto. Madzulo a tsikulo Zuleha anamulembera.

"Tikumane mawa ku Mpingu ukatuluka ku Misa. Pa mtengo wa mango uja."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Mtima wanga! Masiku asanu ndi awiri ndili pa Malawi osakuona, ndimangoti ndifa. Ndibweretsa zithunzi zonse."

"Ubwere basi."

"Wakwiya kodi?"

Zuleha anazimitsa foni.

Lamulungu Zuleha anapeza Cornelius atafika kale, atakhala pa njinga yamoto ya mkulu wake. Anali ataonda, atada, tsitsi litakula. Atamuona anadumpha pansi n'kumwetulira kumwetulira kwake kuja, kosonyeza kampata ka pakati pa mano, ndipo kwa kanthawi miyendo ya Zuleha inafuna kumuthamangira yokha. Anaigwira. Anamupatsa dzanja ngati akupereka moni pamaliro.

Cornelius sanazindikire msanga. Anatsegula envelopu yayikulu n'kuyamba kuyala zithunzi pachishalo cha njinga. Njovu zisanu zikuyenda mu mtsinje wouma, fumbi lili kobo. Mitengo yakuda yopanda tsamba itaima pa dothi loyera ngati ufa. Nthiwatiwa ikuthamanga ndi ana ake. Miimba itaunjikana pa mtembo wa mbidzi, ina italowetsa mutu wonse m'mimba mwake.

"Apa ndinakhala maola awiri," anatero monyadira. "Kununkha kwake, azungu onse anathawira m'galimoto. Koma ukafuna chithunzi chabwino umapirira. Kumeneko kulibe mtengo woti ubisale, Zuleha. Umangogona pamchenga, n'kudikira kuti nyama ikuiwale."

Zuleha anaika foni yake pamwamba pa miimbayo, zithunzi ziwiri zija zikuoneka.

Kumwetulira kwa Cornelius kunazima.

"Wazitenga kuti?"

"Uyankhe kaye za dzinalo."

"Ndi nkhani yaing'ono. Limenelo linali tsiku lina. Ndinabwererako patapita sabata."

"Unandiuza kuti nyamayo inaima mphindi zosakwana zisanu, ndipo sunaionenso. Taona mwendo wake wakutsogolowu. Taona pamene pathera mthunzi. Pa zithunzi zonse ziwiri ndi pamodzimodzi. Yangotembenuza mutu basi. Ndagona nazo masiku awiri zithunzizi, Cornelius, usandiyese mwana."

Cornelius anakhala pansi, pa muzu wa mango, n'kugwira mutu.

"Amayi anandiimbira dzulo lake," anatero potsiriza. "Ankalira. Ankati Vanessa akuwalimira, akuwatungira madzi, ine osamutumizira ngakhale moni. Amayi amadwala mtima, ukudziwa. Ndinati ndingochita kanthu kakang'ono kuti akhale chete. Ndinati ndi mchenga chabe, mphepo idzafufuta."

"Koma langa silinafufutidwe ndi mphepo."

"Zuleha..."

"Unafufuta ndi chiyani?"

"Zili ndi ntchito yanji zimenezo?"

"Dzanja kapena phazi?"

Panadutsa ngolo ya ng'ombe yodzaza mapesi a chimanga... Cornelius anaiyang'ana mpaka inakhota.

"M'manja munali kamera," anatero.

"Ndiye phazi."

Cornelius sanakane. Zuleha anaona m'maganizo mwake nsapato yafumbi ikupalasa zilembo zake, mwachangu, kuti nyama isachoke dzina linalo lisanalembedwe. Kwa miyezi isanu ankadzuka m'mawa uliwonse n'kuyamba wapsompsona chithunzi chimenecho asanaswali pemphero la m'mawa. Anapukuta milomo yake ndi nsonga ya mpango.

"Koma sunandiyankhe," anatero Cornelius. "Cha Vanessa wachipeza bwanji?"

Zuleha anamufotokozera zonse: kuti Nasiru, mwamuna amene azakhali akumukakamiza, anafufuza m'foni mwake, anawerenga mauthenga awo onse, anamvera ndi nyimbo zomwe, kuti anatenga chithunzicho m'foni ya Vanessa, kudula kumunsi, n'kukachipereka kwa bambo ake kuti anajambula yekha ku Dubai.

Cornelius anadzambatuka.

"Wadula kumunsi? Ndiye wachiwononga chonse! Mchenga wa kumunsiwo ndi umene umakokera diso ku nyamayo. Ndipo akuti Dubai? M'mawa utatu ndinagona pamenepo ine!"

Zuleha anamuyang'ana nthawi yayitali. Anadikira kuti mwina anenapo za mwamuna amene anamvera mawu ake a kuchipinda. Cornelius ankangoyendayenda, akutchula za maloya ndi za dzina lake limene silinalembedwe pa chithunzi.

"Zikomo, a Cornelius," anatero Zuleha, akutola foni yake. "Mwandithandiza."

Apo m'pamene anaima. "Usanditchule choncho. Ine ndi iwe tinayamba liti kutchulana kuti 'a uje'?"

"Kuyambira lero. Mupite bwino ku Nambuma. Mukawapatse moni amayi ndi mtengwa wawo."

"Zuleha, ndichita chilichonse. Chimene chimatilekanitsa ndi tchalitchi ndi mzikiti basi, si Vanessa. Undipatse masiku atatu, uona."

Minibasi ya ku Mchinji inali itaima pamsewu. Zuleha anakwera osacheuka.

*

Masiku atatu amenewo foni inalira kosaleka. Mauthenga anafika makumi anayi, ena a mawu, ena a zithunzi za maluwa a m'chipululu. Sanatsegule ngakhale umodzi. Nasiru nayenso analemba kamodzi: "Waganiza bwanji, mkazi wanga?" Umenewo anaufufuta, kenako anatsuka m'manja ndi sopo ngakhale anadziwa kuti n'zopanda nzeru.

Pabalaza ankadutsa atazolika. A Uledi anali atayamba kuitana anzawo a kumsika kudzaona chithunzi cha mkamwini wawo, ndipo aliyense ankatuluka akuyamikira kulimba mtima kwa Nasiru.

Lachitatu masana azakhali anamupeza akusankha mpunga kukhitchini.

"Amalume ake a Nasiru akubwera Lamulungu kudzatula mawu," anatero. "Bambo ako avomera. Ukonze nsalu yobiriwira ija."

"Azakhali, munthu ameneyo anawerenga za m'foni mwanga."

"Nanga munali chiyani choti ubise?"

Zuleha anapitiriza kusankha mpunga.

"Mwamuna wochenjera amayamba wasuzumira m'nkhokwe asanagule chimanga," anatero a Hajra. "Uthokoze kuti anaona zimene anaonazo n'kukufunabe."

Apo Zuleha anazindikira kuti azakhali akewo ankadziwa zonse, ndipo mwina foniyo sanaipititse ku Msundwe chifukwa cha galasi lokha. Anakankhira lichero kutali. Mpungawo unaoneka ngati mphutsi.

Asanayankhe, kunja kunamveka njinga yamoto. Anasuzumira pawindo.

Anali Cornelius. Anavala mkanjo woyera watsopano, mizere ya mopindira mwa m'sitolo ikuonekabe, utamufupikira mpaka m'miyendo. Kumutu anaika mzuli umene unkangotsetsereka pa tsitsi lake lambiri lija. Anayenda molunjika kukhonde kumene a Uledi ankapuma atadya.

"Salamu alekumu, bambo," anatero, lilime likupunthwa.

"Waalaikumu salamu. Ndikuthandizeni?"

"Dzina langa ndine Cornelius, ndachokera ku Nambuma. Ndabwera kwa inu chifukwa ndamva kuti ndinu wamkulu pa mzikiti wa pano. Ndikufuna kulowa Chisilamu. Lero lomwe, ngati n'kotheka."

A Uledi anaimirira pang'onopang'ono. Nkhope yawo inawala mmene Zuleha anali asanaionere chimwalirireni mayi ake. Anagwira dzanja la mnyamatayo ndi manja awiri.

"Khala pansi, mwana wanga. Nkhani iyi ndi yayikulu. Chakukoka n'chiyani?"

"Mtima wanga basi, bambo. Ndili m'chipululu ndinkaganiza kwambiri za Mulungu."

Zuleha anagwira chitsulo cha pawindo. Lamulungu lomweli munthuyu anali ku Misa, ndipo m'khosi mwa mkanjomo kachingwe ka kolona kankaonekera. Ankanamiza nkhalamba yoyera mtima pakhonde pake pomwe, m'dzina la Mulungu, ndi nkhope yofatsa yomwe ija ankamuuzira iye za chikondi.

"Ameneyo ndi uja?" ananong'ona azakhali kumbuyo kwake. "Usatuluke."

"Zuleha!" anaitana a Uledi. "Bweretsa madzi akumwa, tili ndi mlendo wa madalitso."

Sakanachitira mwina. Anatuluka ndi kapu, maso ali pansi. Cornelius anamuyang'ana ngati mwana amene wabweretsa lipoti labwino la kusukulu, kudikira kuyamikiridwa.

Kapuyo isanafike m'manja mwake, pachipata panaima njinga yamoto yachiwiri, ya kabaza. Panatsika mayi wachikulire, wojintcha, atamanga chitenje cha bungwe la amayi a kutchalitchi, fumbi la msewu wa ku Nsaru lili mbuu kumaso. Sanagogode, sanaodire. Analunjika pakhondepo akupuma mwabefu.

"Vula chimenecho," anauza Cornelius. "Vula pompano, ndisanakuvule ndine pamaso pa anthu."

"Amayi, chonde..."

"Khala chete." Anatembenukira kwa a Uledi. "Pepani bambo, ndalowa ngati wamisala. Ine ndine Benedeta, mayi wa chitsiru ichi. Mkulu wake ndiye wandiuza zimene wadzera kuno. Inu ndinu bambo ake a Zuleha?"

"Ndine," anatero a Uledi, dzanja lawo likusiya pang'onopang'ono phewa la Cornelius.

"Ndiye mundimvere chisoni. Ndinalera ndekha mwana uyu, ndinamubatiza, bambo ake agona kumanda a parishi. Mumuuze mwana wanu andisiyire. Zaka ziwiri zimene wamuzunguza mutu zakwana."

Anthu a nyumba zoyandikana anali atayamba kusonkhana kumpanda. A Uledi anavula magalasi awo, kuwapinda bwinobwino, n'kuwaika m'thumba la malaya. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ika kapuyo pansi," anatero mofatsa kwambiri. "Mayiwa akunena Zuleha uti?"